Makomo amene matenda a nsomba amalowera padamu, ndi katsekedwe kake

Mu Julayi 2020 anthu a ku Mchinji anayamba kuvuula nsomba zokhala ndi zilonda zofiira, zina zakuya mpaka mnofu kuonekera poyera, zina zitadyeka zipsepse ndi mchira. Zambiri zinali milamba ndi matemba a mumtsinje wa Bua ndi m'madambo oyandikana nawo. Zitayezedwa zinapezeka ndi matenda a zilonda za nsomba, amene akatswiri amangowatchula mwachidule kuti EUS, ndipo aka kanali koyamba kuti matendawa atsimikizike m'Malawi muno. Boma linaletsa kusodza, kunyamula ndi kugulitsa nsomba za m'madera okhudzidwa, linaletsanso kupatutsira madzi a m'mitsinje imeneyo m'madamu. Komabe sipanatenge nthawi kuti zilondazo zimveke m'maboma ena a chigawo chapakati.

Choyambitsa EUS ndi kachilombo konga chuku cha m'madzi, dzina lake Aphanomyces invadans. Kamabala timbewu tosaoneka ndi maso timene timasambira tokha. Tikapeza pamene khungu la nsomba lasupuka, kaya ndi ukonde kaya ndi tizilombo tina toluma, timamatirira pomwepo n'kumera timizu toboola mnofu. Mabakiteriya amabwera pambuyo kudzakuza chilondacho. Matendawa amalusa nyengo yozizira, madzi akamasewera pa madigiri 18 mpaka 22, komanso mvula yamphamvu ikakokolola dothi lowawasa n'kulithira m'madzi. Anayamba kudziwika ku Japan mu 1971, anasautsa maiko a kummwera kwa Asia m'zaka za m'ma 1980, ndipo ku Africa anatulukira cha m'ma 2006 ndi 2007 m'mitsinje ya Chobe ndi Zambezi, kumene Botswana, Namibia ndi Zambia zimakumana. Ofuna kumvetsa chifukwa chake akuluakulu a za nsomba anagwidwa nthumanzi angoyang'ana kumene Bua amathera: amadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota n'kukalowa m'nyanja ya Malawi, ndipo ndi mtsinje umene mpasa zimakwera pokaswana.

Matenda otere akalowa mumtsinje kapena m'nyanja, palibe mankhwala amene mungathire kuti athe. M'damu mungayeseko ndi laimu ndi mchere, n'kuchotsa nsomba zodwala, imfa zimachepako ndithu, koma nsomba si mbuzi yoti muigwire n'kuibaya jekeseni. Zilipo masauzande m'madzi obiriwira amene simuona pansi pake. Yodwala imayamba ndi kuleka kudya, choncho mankhwala osakaniza m'chakudya amathera mwa zathanzi zomwe. Mukamaona zisanu zikuyandama m'mawa, dziwani kuti zinzake zonse zapuma madzi omwewo kwa masiku angapo. Ndipo matenda oyamba ndi mavairasi alibe mankhwala ochiza n'komwe. N'chifukwa chake pa ulimi wa nsomba ntchito yaikulu ya zaumoyo imagwiridwa polowera.

Kungoti ambiri akamva za kuteteza famu ku matenda, chimene chimabwera m'mutu ndi beseni la mankhwala loviikamo nsapato pageti. Besenilo lili ndi ntchito yake, tifika pamenepo, koma pa makomo onse a damu, la nsapato ndi laling'ono kwambiri. Aakulu ndi atatu: mbewu ya nsomba imene mumagula, madzi amene mumalowetsa, ndi ukonde umene mumakokera. Mlimi amene wasamala atatuwa wachita zambiri kuposa amene wamanga geti lokongola koma n'kumatapa tiana ta nsomba paliponse.

Mbewu

Aliyense woweta nkhuku amadziwa mmene chitopa chimalowera pakhomo: ndi nkhuku imodzi yogula kumsika kapena yopatsidwa kuchibale, yooneka yathanzi bwinobwino. Ku nsomba n'chimodzimodzi. Nsomba ikhoza kusenza kachilombo popanda chizindikiro chilichonse, makamaka imene inadwalapo n'kuchira. Ulendo wa m'thumba lapulasitiki kapena m'chigubu, kutentha, kuthinana ndi kugwiridwagwiridwa zimaifooketsa, ndipo matenda amene anali chigonere amadzuka sabata yoyamba kapena yachiwiri m'damu latsopano.

Miliri ikuluikulu ya nsomba padziko yayenda motere. Dziko la Chile, limene limaweta nsomba za salmon zochuluka zedi, linagwidwa ndi matenda otchedwa ISA mu 2007. M'zaka zitatu zokolola za nsombazi zinatsika kuposa theka ndipo anthu masauzande anachotsedwa ntchito. Asayansi atakayeza kachilomboko anapeza kuti n'kapachibale ndi ka ku Norway, kumene Chile inkagula mazira. Kuno ku Africa, kumapeto kwa 2018 vairasi yotchedwa ISKNV inapulula tiana ta tilapia m'makeji (makola a neti oweteramo nsomba m'madzi) a panyanja ya Volta ku Ghana. Palinso vairasi ya TiLV, imene inadziwika koyamba ku Israel mu 2014, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO n'kuchenjeza maiko onse za iyo mu 2017, ndipo inapezekanso mu tilapia za m'nyanja ya Victoria. Chambo, makumba ndi chilunguni ndi za banja lomwelo la tilapia. Munthu wolowetsa tiana ta nsomba mozemba kuchokera kunja, poti wamva kuti mtunduwo umakula msanga, akuchita juga ndi nyanja yonse. Lamulo la za nsomba la dziko lino sililola kulowetsa nsomba zamoyo zachilendo popanda chilolezo, ndipo nkhani si matenda okha, palinso kuopa kuti mitundu yachilendo ingasakanikirane ndi chambo chathu.

Kwa mlimi wamba funso ndi lakuti mbewu akuitenga kuti. Yotapa mumtsinje kapena m'dambo ndi yaulere koma ndi yoopsa kuposa zonse, chifukwa imabwera ndi chilichonse chimene chili m'madzimo. Ya kwa mnzanu wa pafupi imakhala yabwino monga mmene damu lake liliri, ndiye pitani mukalione nokha m'mamawa, nthawi imene nsomba zovutika zimabwera pamwamba kudzapuma, mufunse ngati zamufera posachedwa ndi kumene iye anatenga makolo ake. Malo oswetsera odziwika, monga a boma ku Domasi ku Zomba, kapena alimi amene ofesi ya za nsomba ya paboma ikuwadziwa, ali ndi ubwino woti pakavuta pali poyambira kufufuza.

Mbewu ikafika isalowe m'damu lalikulu tsiku lomwelo. Ikhale payokha masabata osachepera awiri, ngati n'kotheka mwezi, m'kadamu kapena m'thanki lokhala ndi ndowa yake ndi kaukonde kake, ndipo madzi otuluka mmenemo asapite ku madamu enawo. Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza: amamanga kakhola ka neti kotchedwa hapa m'kati mwa damu lalikulu lomwelo n'kunena kuti nsomba zatsopano azipatula. Hapa ndi neti chabe. Imatsekereza nsomba, koma madzi ndi tizilombo zimadutsa mwaufulu. Chinanso ndi madzi a m'thumba. N'zoona kuti thumba liyenera kuyandama kanthawi kuti kutentha kwa madzi kufanane, koma pomasula musakhuthulire madzi a kwa eni ake m'damu lanu. Tsanulirani nsomba m'kaukonde pamwamba pa ndowa, nsomba zilowe zokha, madziwo mukataye pamtunda pouma. Kuzisambitsa kanthawi m'madzi amchere kumachotsa tizilombo tina ta pakhungu, ndipo mlangizi wa za nsomba angakuuzeni muyezo wake malinga ndi msinkhu wa tianato, koma mchere sufika pa kachilombo kamene kali m'kati mwa thupi.

Madzi

Madamu ambiri a kumudzi amamwa mumtsinje kudzera m'ngalande. Ndiye kuti chilichonse chochitika kumtunda, kaya damu la wina laphulika, kaya wina watsukira nsomba za kumsika pamtsinje, chimakupezani. Amene ali ndi kasupe kapena chitsime ali ndi mwayi waukulu, chifukwa m'madzi otumphuka pansi simukhala nsomba, ndipo matenda ambiri a nsomba sakhalitsa popanda nsomba.

Ngati gwero lanu ndi mtsinje, pakamwa pa paipi pakhale sefa ya mabowo aang'ono, yoyang'anidwa tsiku ndi tsiku chifukwa imatsekeka ndi zinyalala ndipo ikang'ambika siuza munthu. Sefa siigwira timbewu ta EUS, n'tating'ono kwambiri. Chimene imagwira ndi matemba, tiana ta milamba, mbululu ndi nkhono, zimene ndi zonyamula matenda. Amene ali ndi malo angakumbe damu losungira madzi lopanda nsomba ngakhale imodzi, kuti madzi azigonamo masiku angapo asanapite kwa nsomba. Zimenezi zimachepetsa tizilombo, sizitimaliza. Ndipo mukamva kuti kumtunda nsomba zikufa, tsekani paipi. Damu lopirira ndi madzi akale kwa masabata angapo, mutachepetsako chakudya ndi manyowa, liposa damu lolandira madzi atsopano a mliri.

Kamangidwe nakonso kali ndi mbali yake. Pamalo otsetsereka n'kosavuta kukumba madamu mondondozana, lapamwamba kuthira m'lachiwiri, lachiwiri m'lachitatu. Madzi sawonongeka, inde, koma pa nkhani ya matenda madamu atatuwo ndi damu limodzi. Koyenera n'kwakuti lililonse lizimwa palokha kuchokera m'ngalande yaikulu n'kutayira palokha m'ngalande ina. Ngati anakumbidwa kale mondondozana, tiana ndi makolo zikhale m'damu lapamwamba, zogula kwina zikhale kumunsi kwenikweni. Zipupa za damu zikhale zazitali ndipo kumtunda kukhale mgula wopatutsa madzi, poti usiku umodzi wa madzi osefukira, ngati amene anabwera ndi namondwe Freddy mu 2023, umasakaniza damu ndi dambo lonse.

Ukonde wa kalabu

Pano ndi pamene pali vuto lenileni la kwathu, ndipo si la sayansi. Ukonde wokokera nsomba ndi wodula, ndiye m'madera ambiri ulipo umodzi wa kalabu yonse kapena wa mlimi mmodzi amene ena onse amabwereka. Nyengo yokolola ikafika umachoka padamu lina m'mawa, masana uli padamu lina, utapindidwa m'thumba chinyowere, muli matope, mamba, ndere ndi tinsomba takufa tokodwa m'maso mwake. Mkati mwa ukonde wopinda mumakhala monyowa ndi mozizira kwa masiku. Kwa kachilombo ka m'madzi, imeneyo ndi galimoto yaulere. Ndipo ukonde womwewo umasupula nsomba pokoka, kutanthauza kuti umabweretsa kachilombo n'kukatsegulira pomwe kalowere.

Kuuza mlimi kuti asabwereketse ukonde n'kutaya nthawi. Wokaniza mnzake ukonde pamudzi amatchedwa womana, ndipo mawa ndi iye adzafune anthu omuthandiza kukoka. Chotheka n'choti kalabu igwirizane lamulo limodzi lomanga aliyense, wapampando yemwe: ukonde sutuluka usanachapidwe ndi kuuma. Likakhala lamulo la gulu, palibe amene amaoneka woipa mtima. Kuchapa kwake n'koyamba kukutumula ndi kutsuka matope onse kutali ndi damu, kenako kuuyanika wotambasula, osati wounjika, mpaka zingwe zokhuthala za m'mphepete ndi mfundo zake zitauma gwa. Dzuwa la Okutobala limamaliza msanga, koma mu Juni ndi Julayi, nthawi yomwe EUS imalusa, pamafunika masiku angapo. Choncho ndondomeko ya kukolola izikonzedwa mosiya mpata pakati pa mlimi ndi mlimi, osati onse sabata imodzi chifukwa kwamveka kuti kukubwera wogula.

Pofunika changu, klorini amathandiza. Muyezo umene umagwiritsidwa ntchito kawirikawiri pa zipangizo ndi mamiligalamu 200 pa lita imodzi ya madzi. Ndi Jik wa 3.5%, amenewo ndi mamililita pafupifupi 120 m'ndowa ya malita 20. Ndi HTH waufa ndi magalamu pafupifupi 6 m'ndowa yomweyo. Chipangizo chikhalemo theka la ola. Pali zinthu ziwiri zosayenera kuiwala. Klorini amatha mphamvu akakumana ndi matope, ndiye kuviika ukonde wosatsuka n'kungowononga ndalama. Ndipo klorini amapha nsomba ngakhale atachepa kwambiri, choncho chilichonse choviikidwa chitsukuluzidwe bwino ndi kuyanikidwa chisanakhudze damu, madzi otsalawo atayidwe m'dzenje kutali ndi ngalande. Amafooketsanso ulusi wa ukonde mukamaviika pafupipafupi, n'chifukwa chake dzuwa likhale loyamba, mankhwala achiwiri. Ku Norway, kumene kachilombo ka pakhungu kotchedwa Gyrodactylus salaris kanafika m'ma 1970 ndi nsomba zogula kunja n'kupulula salmon m'mitsinje yambiri, ngakhale munthu wowedza ndi mbedza pongosangalala amayenera kuumitsa kapena kuviika zida zake m'mankhwala asanapite kumtsinje wina.

Tsiku lokolola ndilo tsiku limene makomo onse amakhala pululu. Amabwera anyamata okoka ukonde amene dzulo anali m'damu lina kapena kumtsinje, amabwera mavenda ndi mabeseni, madengu ndi masikelo amene m'mawa womwewo munali nsomba za kunyanja kapena za kudambo. Venda akafika, chizolowezi chake n'kutsuka beseni lake m'madzi amene ali pafupi, ndipo madzi apafupi ndi damu lanu. Njira yake ndi yosavuta: malo ogulitsira akhale kunja kwa mpanda, nsomba zipite kumeneko m'ndowa za pafamu, ogula asafike m'mphepete mwa madzi. Nsomba imene yatuluka isabwererenso, ngakhale ili yamoyo ndipo yatsala osagulidwa.

Tsopano beseni la pageti lija. Kuti ligwire ntchito, geti likhale limodzi, pasakhale tinjira tina todutsa kumbuyo. Pambali pake pakhale burashi ndi madzi ochotsera matope poyamba, pamwamba pakhale kadenga kuti mvula isasungunule mankhwala ndipo dzuwa lisawaphe, ndipo besenilo likhale lalikulu moti munthu sangalidumphe. Mankhwala amafuna nthawi, kungoponda n'kudutsa sikupha kanthu. Mankhwala ophera tizilombo otchedwa Virkon, amene mafamu ambiri amagwiritsa ntchito, amasungunulidwa magalamu 10 pa lita, amaoneka ofiirira, ndipo mtunduwo ukazilala ndiye kuti mphamvu yatha. Ngakhale asanazilale sayenera kupitirira sabata. Wa klorini ndi wosintha tsiku lililonse. Beseni la madzi abulauni amene akhalamo mwezi ndi loipa kuposa kusakhala nalo, chifukwa limasonkhanitsa dothi la nsapato zonse pamalo amodzi onyowa, uku mwini famu akugona tulo poganiza kuti watetezedwa. Kunena zoona, kwa mlimi wa madamu awiri kapena atatu, jombo ziwiri zosachoka pafamu, zovala aliyense wolowa, pamodzi ndi sopo ndi madzi osamba m'manja, zimateteza kuposa beseni losasamalidwa.

Chovuta pageti ndi ulemu. Mlonda kapena mwana wa pakhomo sangauze a mfumu, a bwana ochokera kuboma kapena alendo a bungwe lothandiza kuti, "Pepani, vulani nsapato." Komatu alendo oterewa, pamodzi ndi alangizi ndi alimi obwera kudzaphunzira pa tsiku la chionetsero, ndi amene amayenda damu ndi damu tsiku limodzi. Mwini famu aziwalandira yekha, n'kuyamba iye kuviika mapazi ake alendo akuona. Chikwangwani cholembedwa bwino chimachotsanso manyazi, poti wolankhula amakhala chikwangwanicho. Kabuku kolemba dzina, tsiku ndi damu limene mlendo wafikako komaliza kamaoneka ngati zachizungu, koma nsomba zikayamba kufa ndi kokhako kamene kangakuuzeni kumene vuto lachokera ndi amene muyenera kumuchenjeza. Ogwira ntchito nawo aziyamba ndi tiana, kenako zazikulu, n'kumalizira kumene kuli zatsopano kapena zokayikitsa, osabwereranso m'mbuyo.

Alendo ena sadzera pageti. Akakowa ndi mbalame zina zodya nsomba zimagwetsa nsomba zodwala kuchokera kwina, ndipo ndowe zake zimafalitsa nyongolotsi zimene zimakulira mu nkhono zisanalowe mu nsomba. Katumbu ndi ng'azi zimayenda pakati pa mtsinje ndi damu. Mpanda, zingwe zopingasa pamwamba pa madamu a tiana ndi kutchetcha udzu wa m'mphepete zimachepetsa zimenezi. Pa chakudya, madeya achuku asapite m'damu, ndipo matumbo ndi mitu ya nsomba za kumsika zisaponyedwe kwa milamba zili zosaphika.

M'makeji a panyanja, monga a ku Mangochi kapena a ku Siavonga pa nyanja ya Kariba ku Zambia, khomo la madzi silitsekeka. Kumeneko chitetezo chimatsalira pa mbewu yoyezedwa, pa doko limene maboti amanyamukira, pa keji iliyonse kukhala ndi kaukonde kake, ndi pa kuvuula nsomba zakufa tsiku ndi tsiku. Mdani wa kumeneko nthawi yotentha ndi mabakiteriya monga Streptococcus, amene amatuzula maso a nsomba n'kuizunguza mutu mpaka kumasambira mozungulira, ndipo amakula mphamvu nsomba zikathinana.

Mukakolola zonse, damu liphwetsedwe n'kusiyidwa padzuwa mpaka matope atang'ambika. M'zithaphwi zokana kuuma, mmene milamba ndi nkhono zimabisala, muwazemo laimu. Laimu wa kumunda amangochotsa kuwawasa kwa dothi, wopha tizilombo ndi laimu wotentha uja, ndipo pomuwaza pamafunika kuteteza maso ndi manja.

Khomo limagwira ntchito mbali ziwiri, ndipo zikavuta pafamu panu udindo umatembenuka: tsopano ndi inu woyenera kutsekera matenda m'kati. Mtima umafuna kukolola msangamsanga n'kugulitsa zisanathe kufa, kapena kutsegula paipi kuti madzi oipa apite. Zonse ziwiri zimapereka mliri kwa anansi a kumunsi. EUS payokha sigwira munthu, koma nsomba ya zilonda imakhala ndi mabakiteriya ena ndipo si yoyenera kudya kapena kugulitsa. Zakufa zikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi madzi, zitathiridwa laimu, kapena zitenthedwe, osati kuponyera agalu kapena kutaya kumtsinje. Ukonde, ndowa ndi jombo za damu limenelo zisapite kwina. Kenako dziwitsani mlangizi kapena ofesi ya za nsomba ya paboma tsiku lomwelo, poti EUS ndi amodzi mwa matenda amene dziko limayenera kukanena ku bungwe loona zaumoyo wa nyama padziko lonse la WOAH. Akamabwera kudzatenga zokayeza, chimene amafuna ndi nsomba zodwala koma zikadali moyo, makamaka za zilonda zongoyamba kumene. Yofa dzulo imakhala itadzaza tizilombo towoletsa, ndipo kulabotale sangaonemo chimene chinaipha.